Laputopu yanga ikutentha ndikamaonera mavidiyo

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndili ndi laputopu ya 2013, purosesa yake ndi Intel Core i5 ya m'badwo wachinayi. Posachedwapa ndinaikamo Linux ya beta, ija ikadali yoyeserera. Chiyambire pamenepo, ndikangotsegula vidiyo pa YouTube fani imalira ngati chigayo, kunsi kumatentha, zithunzi zimadukaduka, batire nalonso silichedwa kutha. Kodi yakalamba basi, ndiitaye? Ndine wowerenga wanu.

YANKHO: Musaitaye ayi. Ine ndikuona kuti ntchito yagwera wosayenera.

Vidiyo imafika yopanikizidwa, ndipo kompyuta imayenera kumasula zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi iliyonse. Mu GPU, chipu yoona za zithunzi, muli kachigawo kopangidwira ntchito yomweyi, ndipo sikadya magetsi ambiri. Kakangokhala osapatsidwa ntchito, purosesa imasenza yokha katundu yense. Phokoso mukumvalo ndi limenelo.

Popeza vuto layamba mutaika beta, yambani ndi dalaivala, pulogalamu yolumikiza Linux ndi GPU. Pa Linux, mapulogalamu amafikira kachigawo kaja kudzera pa njira yotchedwa VA-API. Tsegulani Terminal, zenera lolembamo malamulo, mulembe vainfo. Mukaona mizere yotchula H264, njira ina yopanikizira vidiyo, zili bwino. Ikadandaula kuti dalaivala yakanika, mwapeza pogona nkhani. Intel ili ndi madalaivala awiri: yatsopano, intel-media-driver, imayambira pa mapurosesa a Broadwell, m'badwo wachisanu, ndiye inuyo mwatsalira kunja ndi m'badwo umodzi wokha. Yanu ndi yakale ija ya i965. Pa mitundu ya Linux ya Debian ndi Ubuntu imatchedwa i965-va-driver, kwina libva-intel-driver. Ngati beta inangokuikirani yatsopanoyo, ikani yakaleyo.

Koma pali chinanso, ndipo ambiri amachiphonya. Chipu yanu imadziwa kumasula H.264, pomwe YouTube nthawi zambiri imatumiza vidiyo yopanikizidwa m'njira zatsopano za VP9 kapena AV1. Machipu a Core anayamba kumasula VP9 mokwanira pa Kaby Lake, m'badwo wachisanu ndi chiwiri, ndipo AV1 pa Tiger Lake mu 2020. Palibe dalaivala ingaphunzitse chipu ya 2013 zimenezi. Dinani kumanja pavidiyo, musankhe Stats for nerds, muone pa Codecs. Pakalembedwa vp09 kapena av01, purosesa ndiyo ikutuluka thukuta. Ikani kapulogalamu koonjezera ka enhanced-h264ify mu Firefox kuti muzilandira avc1, yomwe ndi H.264 yomweyo. Simudzadutsa 1080p, komatu masikirini ambiri a zaka zimenezo ndi a 1366x768, ndiye palibe chimene mwaluza.

Musangokhulupirira makutu. Yatsani vidiyo, muthamangitse intel_gpu_top mu Terminal. Mzere wa Video ukamasuntha ndiye kuti zatheka. Ukakhala pa 0, tsegulani about:support mu Firefox muone ngati HARDWARE_VIDEO_DECODING yatsekedwa.

 

Za beta, kunena zoona sindikonda kuiona pa kompyuta yomwe munthu amadalira tsiku ndi tsiku, chifukwa chimene mwakonza lero chikhoza kusokonekeranso mawa. Ngati mwachita zonsezi koma sizikusintha, yesani Linux yokhazikika kuchokera pa fulashi osaiika. Ikasewera bwino, tumizani lipoti kwa opanga beta, muphatikizepo zimene vainfo yalemba.