Kodi ndisiyiretu nyama?

Funso: Achemwali, kuno ku Johannesburg ndimadya hot dog ya soseji za vienna masana alionse. Mnzanga akuti osadya nyama ndiye athanzi. N'zoona?

Yankho: Achimwene, hot dog, buledi woikamo soseji, imasiyana ndi malo. Ku Chicago, ku America, amaikamo tomato, anyezi ndi tsabola, osati tomato sosi. Ku New York amakonda kabichi wowawasa. Koma chikundidetsa nkhawa ndi sosejiyo. Mu 2015, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati nyama zokonzedwa ngati soseji zimayambitsa khansa ya m'matumbo, ndipo magalamu 50 tsiku lililonse amakweza chiopsezocho ndi 18 peresenti.

Kusiya nyama n'kumadyabe tchipisi ndi zokazinga sikuthandiza. Phikani nyemba, khobwe, ndiwo zotendera. Mukasiyanso mazira ndi mkaka, funsani kufamase mapiritsi a vitamini B12.