Kuyeza mtovu ndi kopa m'madzi a m'nyanja ya mchere

Achemwali, mwafunsa ngati voltammetry, njira yoyezera zitsulo zosungunuka m'madzi pogwiritsa ntchito magetsi, ingathe kuyeza mtovu ndi kopa m'madzi amene mwatunga padoko la Durban, poti mcherewo ukukudetsani nkhawa. Ingathe ndithu, ndipo mcherewo ukuthandizani. M'lita imodzi muli mchere pafupifupi magalamu 35, ndiye magetsi amadutsamo bwino popanda kuthiramo kanthu. Akanakhala madzi a ku Mangochi bwenzi mukuwonjezeramo mchere nokha. Makina ena oyezera zitsulo, a ICP-MS, ndiwo amadana ndi mchere, umawatseka timabowo.

Njira yake ndi anodic stripping, kutanthauza kusonkhanitsa tizitsulo pa electrode (kachipangizo kodutsa magetsi koviika m'madzimo) kenako n'kutichotsapo kamodzikamodzi. Choyamba mumapopera nitrogen m'madzimo kwa mphindi zingapo kuti okosijeni achoke. Kenako mumaika voteji cha pa -1.2 V madzi akutakasidwa, tizitsulo tonse n'kumakakamira pa electrode. Mukayamba kukweza votejiyo pang'onopang'ono, kalikonse kamadziwa nthawi yake yochoka: zinki cha pa -1.0, cadmium cha pa -0.6, mtovu cha pa -0.4, kopa pafupi ndi ziro. Kutalika kwa kaphiri kamene kakutuluka pa kompyuta ndiko kuchuluka kwake. Standard, amene ndi madzi okhala ndi chitsulo cha mlingo wodziwika kale, muzithira m'madzi anu omwewo, kawiri kapena katatu, osati kuyeza padera.

Koma chimene ndikufunitsitsa mumve ndi ukhondo. Clair Patterson wa ku Caltech anaonetsa kuti ziwerengero zakale za mtovu wa m'nyanja zinali zokwera mopitirira, chifukwa mtovuwo unkachokera m'mabotolo, pasitima ndi mu labu momwemo. Inenso zinandigwera. Zinki anangokwera modabwitsa, ine n'kumakondwa kuti ndapeza nkhani, osadziwa kuti ndi magolovesi a ufa amene ndinagwirira chivindikiro. Ntchito ya sabata yathunthu inapita m'madzi, mtima unandiwawa zedi. Choncho mabotolo akhale a polyethylene, osati agalasi, onyikidwa mu asidi masiku angapo n'kutsukuluzidwa bwino. Mukasefa madzi, thirani asidi wa HCl woyeretsetsa mpaka pH (muyezo wa asidi) ifike 2, muwayatsire nyali ya UV (ultraviolet) kuti iphwanye zinthu zochokera ku zamoyo. Kopa wambiri amakhala atagwidwa ndi zinthu zochokera ku zamoyo, ndiye mukalumpha UV mudzapeza wochepa kuposa amene alipo.

Ngati labu yanu inasiya electrode ya mercury, ya chitsulo cha bismuth imachita bwino pa mtovu, cadmium ndi zinki. Pa kopa imavuta, chifukwa bismuth yemweyo amasungunuka pafupi ndi pomwe kopa amatulukira. Tandiuzani kaye electrode imene muli nayo tisanapitirire.