Za ndalama za makomo mu county: musangokopera girafu ya FRED

Achemwali, mwafunsa komwe mungapeze ziwerengero za ndalama zomwe makomo amapeza pachaka mu county (dera longa boma m'kati mwa state) yomwe mukukhala ku America, kuyambira zaka za m'mbuyomu, komanso pulogalamu yabwino yojambulira magirafu. Za pulogalamuyo ayankhe ena, ine ndimangokankha ndi Excel. Ndinena za ziwerengerozo poti zinandiwotchapo manja.

Achimwene amene anena kuti mungotenga avereji aja, pepani, musawamvere. Chomwe mukufuna ndi median. Mukandandalika makomo onse kuyambira losaukitsitsa mpaka lolemera kwambiri, khomo lomwe lili pakati penipeni ndiye median. Mpondamatiki mmodzi akasamukira m'county yaing'ono, avereji imalumpha, koma khomo la pakati lija limakhala pomwepo.

Malo anga ndi FRED, tsamba la Federal Reserve Bank of St. Louis. Mukalemba dzina la county ndi state yake, girafu imabwera yokha. Ziwerengerozo si zawo, amazitenga ku Census Bureau, nthambi ya boma yoona za kalembera, ku ntchito yake yoyerekeza ndalama za makomo m'madera ang'onoang'ono yotchedwa SAIPE. Zimayambira 1989, kenako 1993, 1995, ndipo kuchokera 1997 zilipo chaka ndi chaka. Zonsezi ndi zaulere. Alipo masamba ena omwe amakulipiritsani madola makumi angapo pamwezi, chonsecho akukugulitsani zomwezi atangozipaka utoto.

Tsono pomwe ndinagwera ine ndi apa. Ndikulemba lipoti la kusukulu ndinakopera girafu ija momwe inalili, mzere ukukwera bwinobwino, ine n'kulemba monyada kuti anthu a m'county imeneyo akutukuka. Aphunzitsi anangofunsa funso limodzi: madola amenewa ndi a chaka chiti? Ndinangoti kakasi. Ziwerengero za SAIPE zimakhala m'madola a chaka chomwecho, sanachotsemo kukwera mitengo kwa zinthu. Onani za dziko lonse: mu 2021 median inali $70,784, mu 2022 n'kufika $74,580. Ukangoona choncho umati zakwera. Koma mitengo inali itathamanga kwambiri, mu June 2022 inakwera ndi 9.1 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho, moti Census Bureau yomweyo inati kunena zoona ndalama za makomo zinatsika ndi 2.3 peresenti. Ine lipoti lonse ndinalembanso, sabata yathunthu osagona mokwanira. Ndiye musanayerekeze zaka, sinthani zonse zikhale m'madola a chaka chimodzi pogwiritsa ntchito CPI, muyeso wa kukwera kwa mitengo wa Bureau of Labor Statistics. Ali ndi kakalikuleta pa tsamba lawo, nako n'kaulere.

China, izi ndi zongoyerekeza, sanagogode khomo lililonse. Nambala iliyonse imabwera ndi malire a pansi ndi a pamwamba, kutanthauza kuti akutsimikiza ndi 90 peresenti kuti nambala yeniyeni ili pakati pa malirewo. M'county ya anthu ochepa malirewo amatalikirana ndi madola masauzande angapo, ndiye mukaona chaka china zatsika pang'ono musayambe kufunafuna fakitale yomwe inatsekedwa. Mwina palibe chinachitika.

Samalaninso ndi 2005. Chaka chimenecho SAIPE inasiya kudalira kafukufuku wa Current Population Survey (CPS) n'kuyamba kudalira kafukufuku wina wa American Community Survey (ACS), choncho zaka za kumbuyo kwake ndi za kutsogolo sizilumikizana bwino. Mukafuna ACS yeniyeniyo, pitani pa data.census.gov, tebulo lake ndi B19013. Ziwerengero za chaka chimodzi zimatuluka m'madera a anthu 65,000 kapena kuposa basi, ang'onoang'ono amapatsidwa za zaka zisanu zophatikiza. Za zaka zisanuzi musayerekeze zolowana, monga 2015-2019 ndi 2016-2020, chifukwa zaka zinayi ndi zomwezomwezo. Yerekezani 2010-2014 ndi 2015-2019. Ndipo za chaka chimodzi za 2020 musavutike kuzisaka, sizinatuluke mwa nthawi zonse chifukwa cha Covid.

Simunatchule state yanu. Ngati ndi Connecticut konzekani mutu, kuyambira ziwerengero za 2022 anasiya ma county akale n'kuyamba kugwiritsa ntchito madera atsopano otchedwa ma planning region, mzere wanu udukira pamenepo. Ndipo mayina amabwerezedwa kwambiri, ma Washington County okha ndi pafupifupi 30, choncho gwiritsani nambala ya FIPS, nambala yapadera ya county iliyonse, kuti musatenge za eni ake.

Kanthu kena kapambali: ngati county yanu ili ndi yunivesite yaikulu, median imaoneka yotsika chifukwa ophunzira ochita lendi kunja amawerengedwa ngati makomo, pomwe ogona m'mahositelo sawerengedwa n'komwe. Komanso ndalamazi ndi za msonkho usanadulidwe, ndipo thandizo la chakudya la SNAP mulibemo. Mukanditumizira dzina la county ndi state, ndikuonerani FIPS yake madzulo ano ndikaweruka.