AC ikulira tsiku lonse, nanga chinyezi chikuchokera kuti?

Funso: Ndimasunga mafayilo pa ofesi ina ku Salima. Mvula ikangokhazikika mu Disembala, mapepala amafewa n'kumakodwa mu pulinta, ndipo kuseri kwa kabati kwamera nkhungu yakuda. Abwana adagula AC yaikulu (makina oziziritsa mpweya), timaiika pa madigiri 16 mpaka ena kuvala majuzi, koma fungo la chinyontho silikutha. Tikulakwitsa pati? — Mayi wa mafayilo, Salima

Yankho: Mayi, vuto lanu lili pa 16 pomwepo, komanso pa kukula kwa makinawo. Kuzizira ndi kwina, kuuma ndi kwina.

Taonani botolo la Fanta lochokera mu firiji. Pakangopita mphindi zochepa limachita thukuta, chifukwa mpweya wofunda ukakhudza chinthu chozizira umatula madzi ake pomwepo. AC imayamwa chinyezi motero: mkati mwake muli timapaipi tozizira, madzi amatsalira pamenepo n'kudontha kunja kudzera m'paipi ija imanyowetsa khoma. Koma zimenezi zimafuna nthawi. Makina aakulu kuposa chipinda amaziziritsa msanga n'kupuma asanamwe madzi okwanira. Zotsatira zake, inu mukunjenjemera koma mapepala ali nyowe.

Ndiye mukaika pa 16, makoma, magalasi ndi makabati achitsulo amasanduka botolo la Fanta lija. Mukaweruka n'kuzimitsa, kapena magetsi akathima wina n'kutsegula mawindo, mpweya wa kunyanja umalowa n'kusiya madzi pa zinthu zozizirazo. Nkhungu imangoti zikomo.

Kudandaula kwanu n'kwakale ndithu. Mu 1902, Willis Carrier adapanga makina oyamba amtunduwu ku kampani yosindikiza mabuku ku Brooklyn, mumzinda wa New York, osati kuti anthu amve kuzizira ayi, koma chifukwa mapepala ankafufuma ndi chinyezi, mitundu ya inki n'kumaphonyana.

Yambani ndi kugula kachipangizo koyezera chinyezi, kotchedwa hygrometer. Ena amakagulitsa pamodzi ndi wotchi yapakhoma. Mu ofesi chinyezi chizikhala pakati pa 40 ndi 60 peresenti. Chikamakhala pamwamba pa 70 kwa masiku angapo, nkhungu yapeza pogona. Kenako kwezani rimoti ifike pa 24, ndipo masiku a mvula sankhani pamene palembedwa Dry, pali kachizindikiro ka dontho la madzi. Zitseko ndi mawindo zikhale zotseka makina akamagwira ntchito.

Paipi yotulutsa madzi muione ndi maso anu. Ndidaitanidwapo pa ofesi ina pomwe ankati denga likudontha, koma anali mavu omanga ndi dothi omwe adatseka kukamwa kwa paipiyo, madzi n'kumabwerera m'khoma. Kawaya kamodzi kadathetsa nkhani. Sefa ya AC nayo muzitsuka mwezi uliwonse.

Kabatiyo muisunthe, pakhale mpata woti dzanja lilowe pakati pa iyo ndi khoma, ndipo makatoni a mafayilo asakhale pansi pa simenti. Nkhungu yomwe yamera kale muipukute ndi madzi a sopo mutavala magolovesi ndi chotseka pamphuno, makamaka ngati pali wa mphumu. Mapepala a pulinta musamasule paketi yonse Lolemba. Tengani okwana tsikulo, otsalawo muwatsekere m'pepala lake lomwe adabwera nalo.

Hygrometer ikakanabe kutsika pakatha milungu iwiri, auzeni abwana kuti chipinda cha mafayilo chikufuna dehumidifier (makina ongoyamwa chinyezi mu mpweya) yakeyake, osati AC inanso.