Funsani Mmisiri: Kompyuta Ikamachita Makani

Makalata achuluka mwezi uno, ndipo ambiri akudandaula zofanana. Ndasankhapo asanu. Enanu musakhumudwe, yankho lanu mwina lili m'kalata ya mnzanu. Paja safunsa anadya phula.

Kompyuta ya mu ofesi ya sukulu yathu ikumazima yokha. M'mawa imagwira bwinobwino, koma ikafika cha m'ma 11 koloko imayamba kulira ngati chigayo kenako phi! Mnyamata wina wati ndi vayirasi, akufuna afufute zonse aikemo Windows ina. Timulole?
*Mphunzitsi, Chikwawa*

Aphunzitsi, musamulole kaye. Kalata yanu yadziyankha yokha: m'mawa kukuzizira ikugwira, dzuwa likakwera ikuzima, ndipo muli ku Chikwawa. Vayirasi siyang'ana dzuwa. Kompyutayo ikupsa.

M'kati mwa bokosi lija timalitcha CPU muli purosesa, kachitsulo kakang'ono ngati bokosi la machesi koma kamatentha koopsa. Pamwamba pake pamakhala chitsulo cha mizeremizere chokoka kutenthako, ndi fani youzira mphepo. Fumbi likadzaza m'mizeremo mphepo sidutsa, fani imathamanga ndi mphamvu zake zonse, ndiye phokoso la chigayo mukulimvalo. Purosesa ikayandikira madigiri 100 imadzizimitsa kuti isawonongeke. Kuzimako ndi kudzipulumutsa.

Chaka chatha ndinatsegula kompyuta ya pa ofesi ina yomwe inkachita chimodzimodzi. Ndinapezamo fumbi lopotana ngati bulangete, mapiko a ngumbi, ndi nalimata wouma atagona pa fani. Eni ake anali atalipira kale anthu awiri kuti aikemo Windows. Ntchito yanga inali ya mphindi makumi awiri ndi burashi yopentera.

Chitani izi. Zimitsani, zulani pulagi pakhoma, dinani batani loyatsira kwa kamphindi kuti moto wotsalira uthe. Tulutsani bokosilo panja, masulani chitseko cha m'mbali. Musanakhudze za m'kati, gwirani chitsulo cha bokosilo kuti magetsi a m'thupi mwanu achoke. Pukutani ndi burashi youma, yofewa, ndipo ngati mungabwereke bulowa, uzirani mphepo yozizira. Pouzirapo gwirani fani ndi chala isazungulire, chifukwa ikathamangitsidwa kwambiri imawonongeka. Nsalu yonyowa ayi, ngakhale pang'ono. Mukamaliza, yatsani chitseko chili chotsegula muone ngati mafani onse akuzungulira.

Ikapitiriza kuzima, ndiye kuti thermal paste, kaphala kotuwa kokhala pakati pa purosesa ndi chitsulo chija, kauma. Apo itanani munthu wodziwa, adzapukuta kakaleko n'kuika katsopano kochepa ngati njere ya nandolo. Ena amapaka ngati majarini pa buledi, n'kulakwa.

China, ndikudziwa ofesi za sukulu. Kompyutayo ili pansi, pakona, ndipo mwina mwaifunditsa chitenje poopa fumbi. Ikwezeni patebulo, isiyireni mpata kumbuyo, chitenjecho muzifunditsa ikazima basi.

Ndinapita kokasindikiza dissertation yanga m'tauni. Pobwerako mafoda onse a pa fulashi asanduka timivi, ndikadina sakutseguka. Ndatsala ndi masabata awiri kuti ndipereke. Ndikulemba ndikulira.
*Wophunzira, Zomba*

Pukuta misozi, mwanawe. Nthawi zambiri matenda amenewa sapha mafayilo, amangowabisa.

Uku ndi kachilombo kamene amisiri timakatcha shortcut virus, ndipo kwawo ndi m'makompyuta a malo osindikizira, momwe mafulashi a anthu ambirimbiri amalowa n'kutuluka tsiku lonse. Kakalowa pa fulashi kamabisa mafoda enieni n'kuika m'malo mwake timivi ta maina omwewo. Ukadina kamuviko, kachilomboko kamadzuka n'kulowanso m'kompyuta yomwe walumikizako. Choncho lamulo loyamba, usadinenso. Lachiwiri, usafomate, ngakhale anzako akuuze bwanji.

Peza kompyuta yomwe antivayirasi yake ndi ya masiku ano. Microsoft Defender, yobwera kale mu Windows 10 ndi 11, imakwanira bola yakhala ikulandira ma update. Lumikiza fulashiyo, uyisikane. Kenako ona chilembo chimene kompyuta yaipatsa, tinene kuti ndi E. Pa malo ofufuzira lemba cmd, tsegula Command Prompt, ulembe mzere uwu mosaphonya ngakhale mpata umodzi:

attrib -h -r -s /s /d E:\*.*

Dina Enter, udikire. Siinena kanthu, ingobwerera pa mzere watsopano. Mzerewu ukuuza kompyuta kuti ivundukule chilichonse chobisika pa fulashipo. Ukatsegula upeza mafoda ako abwerera. Nthawi zina amakhala onse m'foda imodzi yopanda dzina, usaiope, tsegula. Kopera zolemba zako zokhazokha, usiye timivi tija ndi mafayilo achilendo othera ndi .vbs kapena .exe. Ukatsimikiza kuti zonse zikutseguka, apo ndiye fomata fulashiyo.

Ngati unadina kamuvi pa kompyuta yako, nayonso yadwala. Isikane yonse, apo ayi fulashi iliyonse yolowamo izituluka ndi matenda omwewo.

Pano ndikudzudzule pang'ono monga kholo. Ntchito ya zaka zinayi kuisunga pa kanthu kokwana m'thumba la malaya, kopanda kope lina kulikonse? Ine mwana wanga ndinamulamula kuti madzulo aliwonse azidzitumizira yekha chaputala chake pa imelo. Akaunti ya Google imapereka 15 GB yaulere, ndipo dissertation yonse siingadzaze ngakhale kachigawo kake. Popita kosindikiza, sandutsa fayilo kukhala PDF uwatumizire pa WhatsApp kapena imelo, fulashi itsale kunyumba. PDF ili ndi ubwino winanso, masamba sasokonekera ukaitsegula pa kompyuta ya eni ake.

Ndipo mafulashi otsika mtengo modabwitsa aja, olembedwa 128 GB, uziwakayikira. Ena mwa iwo ndi achinyengo, m'kati ndi aang'ono, ndipo akadzaza amayamba kudya mafayilo akale osanena. Kapulogalamu kaulere ka H2testw kamaulula kukula kwake kwenikweni.

Ndikayatsa kompyuta imandiuza kuti ndidine F1, ndipo tsiku limabwerera zaka zambiri m'mbuyo. Intaneti ilipo koma masamba akukana, akuti wotchi yanga yatsalira.
*Mlembi wa mpingo, Mchinji*

Abambo, ili ndi vuto lotsika mtengo kuposa onse a mwezi uno. Pa motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta, pali kabatire kozungulira ngati khobidi, kamene kamayendetsa wotchi kompyuta ikazima. Dzina lake ndi CR2032, ka mavoti atatu, ndipo okonza mawotchi amagulitsa. Katha. Zulani pulagi, kankhani kachitsulo kokagwira, kadumpha kokha. Ikani katsopano mbali ya + ili pamwamba, mukonze tsiku ndi nthawi. Pa time zone sankhani Harare, Pretoria, ndiyo nthawi yathu. Masamba aja amakana chifukwa ziphaso zawo zachitetezo zili ndi masiku oyambira ndi othera, ndiye wotchi ikanama, kompyuta imaziona ngati zabodza.

Mchimwene wanga wanditumizira kompyuta kuchokera ku America. Sindinayiyatse chifukwa pulagi yake siikulowa m'soketi. Ndingodula n'kuikapo ina? Komanso kwathu kuno magetsi amathimathima, ndiiteteze bwanji?
*Mayi wa bizinesi, Ndirande*

Mayi, pulagi imeneyo yakupulumutsani. Ku America magetsi a m'nyumba ndi a mavoti 120, kwathu kuno ndi 230. Musanachite chilichonse tembenuzani bokosilo muyang'ane kumbuyo, pafupi ndi polowera chingwe cha magetsi. Makompyuta ambiri akale ali ndi kaswitchi kofiira kolembedwa 115 mbali ina, 230 mbali ina. Ngati kalipo, kakankheni ndi sikuludiraiva mpaka 230 iziwoneka. Ngati kulibe, werengani chomata cha pa power supply, kabokosi komwe chingwe cha magetsicho chimalowamo. Chikalembedwa 100-240V, palibe nkhawa, imadzisinthira yokha. Muwerengenso kumbuyo kwa sikirini, ndipo makamaka pulinta, chifukwa mapulinta ambiri a laser ochokera kumeneko ndi a mavoti 120 okha.

Ndinaphunzira zimenezi ndi manyazi ndili mnyamata pa ntchitoyi. Kasitomala anabweretsa kompyuta ya kunja, ine changu, ndinangolumikiza. Phuu! Utsi wonunkha ngati tayala, mwini wake ataima pomwepo. Malipiro anga a mwezi umenewo anathera pa power supply.

Chingwe musadule. Mbali yolowa m'kompyuta ndi yofanana dziko lonse lapansi, ngati ya ketulo ija. Gulani chingwe china cha pulagi yathu ya mano atatu, ya fyuzi m'kati. Zolumikiza mawaya ndi pepala la shuga, kapena kutsegula soketi ndi kamtengo ka machesi, zisiyeni.

Za kuthimathimako, zoopsa zilipo ziwiri. Magetsi akathima kompyuta ili pakati polemba pa hadi disiki, chosungira mafayilo chake, mafayilowo amatha kuwonongeka, nthawi zina Windows osadzukanso. Ndipo akamabwerera, amatha kubwera ndi mphamvu yodumpha. Mankhwala a zonse ziwiri ndi UPS, bokosi la batire lokupatsani mphindi zingapo zoti musunge ntchito n'kuzimitsa mwaulemu. Si yoti muzigwirira ntchito mpaka madzulo, ndipo pulinta ya laser musailumikizeko, imakoka moto wambiri. Batire lake limatopa pakapita zaka zingapo, muzilisintha. Ngati UPS yakukanikani, gulani surge protector, chotchinga mphamvu yodumpha ija, koma musanamizidwe ndi ma extension wamba a kagetsi kofiira, amenewo sateteza kanthu. Chizolowezi chaulere ndi ichi: magetsi akathima zulani pulagi, akabwera dikirani mphindi zisanu. Nyengo ya dzinja, ziphaliwali zikayamba, zulani zonse, ndi chingwe cha intaneti chomwe ngati chilipo.

Ndamva kuti Windows 10 yatha. Yanga ikugwirabe koma ikukana Windows 11, komanso imachedwa, ndipo posachedwapa yayamba kulira tiki-tiki m'kati. Nditaye?
*Wowerengera ndalama wopuma, Mzuzu*

Agogo, mwafunsa zinthu zitatu, ndipo chimene mwachitchula pomaliza ndicho chandidzidzimutsa. Koma tiyambe ndi Windows.

Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, monga inachitira ndi Windows 7 mu Januwale 2020. Makompyuta sanazime tsiku limenelo, kungoti zigamba zachitetezo zinasiya kubwera, kupatula kwa omwe analembetsa ndondomeko yowonjezera nthawi yotchedwa ESU. Windows 11 imafuna RAM (memore yogwirira ntchito) ya 4 GB, malo a 64 GB, kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0, ndipo ngati purosesa ndi ya kampani ya Intel, ikhale ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. Kudziwa m'badwo n'kosavuta: i5-6500 ndi wachisanu ndi chimodzi, i5-8400 ndi wachisanu ndi chitatu. Makompyuta ena akaunjika a m'mashopu athu sangalandire Windows 11 pa chifukwa chomwechi, ndiye ogula muzifunsa nambala imeneyi musanatulutse ndalama.

Achinyamata ena amadziwa kuikakamiza Windows 11 pa kompyuta yosayenera. Zimatheka, koma Microsoft sikulonjeza ma update pa makina otere. Ine kwa munthu wongolemba makalata, kuwerengetsa ndi kuwerenga nkhani, ndimakonda kuikira Linux Mint m'malo mwa Windows. Ndi yaulere, imapepuka pa makina akale, imabwera ndi LibreOffice yotsegula mafayilo a Word ndi Excel, ndipo kachilombo ka timivi kaja sikagwira ntchito mmenemo. Sabata yoyamba mudzanditukwana, yachiwiri mudzazolowera. Koma ngati muli ndi pulogalamu ya maakaunti yofuna Windows basi, funsani kaye.

Tsopano tiki-tiki uja. Imeneyo ndi hadi disiki, ndipo ikutsanzika. M'kati mwake muli timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndi kamkono kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake osakhudza. Kakayamba kugogoda ndiye kuti kakulephera kupeza njira, ndipo kuchedwa mukukuonako mwina kukuchokera pomwepo. Itha kukhala mwezi, itha kufa usiku uno. Musaimenye, musaiike mufiriji monga ena amanenera, musachite defragment (kusanjanso mafayilo pa disiki). Nthawi iliyonse mukuiyatsa mukudya masiku ake otsala.

Mukaiyatsa ulendo wotsatira, mukhale mutakonzeka ndi fulashi yabwino kapena disiki yakunja. Yambani ndi zimene simungazipezenso kwina: zithunzi za adzukulu, makalata a penshoni, mapepala a nyumba. Nyimbo ndi mafilimu zibwere pambuyo ngati disikiyo idakapumabe. Mukatha, pitani nayo kwa mmisiri akaikemo SSD, disiki yopanda chozungulira m'kati. Ya 256 GB ikukwanirani, ndipo kompyuta yomwe inkakupatsani nthawi yowiritsa tiyi poyaka izidzuka musanakhale n'komwe pansi. Disiki yakaleyo musaisiye kwa mmisiriyo, muli maakaunti a anthu mmenemo. Mubwere nayo kunyumba muiike m'kabati.