Chifukwa chake Acerbi anayendayenda m'matimu ambiri

Achimwene, mwafunsa kuti ngati Francesco Acerbi wa ku Italy ndi difenda wabwino, bwanji anayendayenda m'matimu ambiri chonchi, ndipo mukuganiza kuti kulikonse ankamutaya chifukwa cholephera. Mndandanda mwauwerenga bwino, koma timu imene tinganene kuti inamutayadi ndi imodzi yokha, AC Milan.

Acerbi anabadwa mu 1988 ndipo sanakulire kuakademe ya timu yaikulu. Anayambira ku Pavia m'maligi apansi, nabwerekedwa ku Renate, timu ya m'tauni yaing'ono. Mu 2010 anapita ku Reggina mu Serie B, ligi yachiwiri ya ku Italy, ndipo ligi yaikulu ya Serie A anailawa koyamba ku Chievo ali ndi zaka 23. Msinkhu umenewo anzake amakhala atatchuka kale.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Ku Italy nthawi imeneyo matimu awiri ankaloledwa kugawana wosewera mmodzi, iyi theka, iyo theka, ngati anthu awiri osonkherana kugula ng'ombe. Ikafika nthawi osagwirizana mtengo, timu iliyonse inkalemba ndalama yake mu envulopu yomata, ndipo yolemba zambiri inkatenga munthuyo. N'chifukwa chake dzina la Genoa likupezeka pa mbiri ya Acerbi pomwe sanaisewerereko ngakhale gemu imodzi ya ligi. Anali katundu wa m'mabuku a akaunti basi. Mchitidwewu unathetsedwa mu 2015, ndipo ine ndimati unachedwa kutha, chifukwa anyamata ambiri ankasamutsidwa osafunsidwa n'komwe.

Tsono ku Milan. Anafikako mu 2012 n'kupatsidwa jezi nambala 13 imene difenda wotchuka Alessandro Nesta anali atangoisiya kumene. Bambo ake anali atamwalira miyezi yochepa m'mbuyomo. Iye mwini wakhala akunena poyera kuti imfa imeneyi inamuchotsa mtima pa mpira ndipo analowerera mowa. Sanakwanitse ngakhale magemu khumi a ligi, ndipo pofika January 2013 anali atabwerera ku Chievo. Apa pokha ndiye mukulondola, analephera.

Chaka chomwecho anasaina ku Sassuolo, timu yomwe inali itangolowa mu Serie A koyamba. Pomuyeza m'thupi madokotala anapeza khansa ya mavalo. Anamuchita opaleshoni, anabwerera m'bwalo, koma mu December zotsatira za kuyeza mankhwala oletsedwa zinatuluka zokayikitsa. Kufufuza bwino, anapeza kuti sanamwe kanthu, ndi khansa ija inali itabwerera. Kumayambiriro kwa 2014 anali pa chemotherapy, mankhwala amphamvu a khansa, tsitsi litathothoka.

Munthu yemweyo, kuyambira October 2015 mpaka January 2019, anasewera magemu 149 otsatizana osajomba. Osavulala, osapumitsidwa, mpaka kadi yofiira pa gemu ya Napoli ndi imene inadula mndandandawo. Ku Sassuolo anakhala zaka zisanu, ku Lazio zinayi, komwe anatenga chikho cha Coppa Italia mu 2019. Kodi woyendayenda uja mukumuonanso apa? Atangokhazikika mtima, anakhazikikanso pamalo. Mu 2021 anali m'gulu la Italy lomwe linatenga chikho cha Euro ku Wembley.

Simone Inzaghi, amene anamuphunzitsa ku Lazio, ndi amene anaumirira kuti abwere ku Inter mu 2022, masapota ambiri akudandaula kuti awagulira nkhalamba. Nkhalamba yomweyo inamuyenda m'mapazi Erling Haaland, sitiraika wa Manchester City, pa fainolo ya Champions League ku Istanbul mu 2023. Inter inagonja 1-0 ndi chigoli cha Rodri, koma Haaland sanagoletse. Mu April 2024 anamwetsa cha mutu timu yake yakale ya Milan, usiku umene Inter inatenga ligi kachi 20.

Gemu ya Inter ndi Barcelona ya pa 6 May 2025, semifainolo ya Champions League, ndinaionera m'kaholo ka vidiyo kwathu kuno, titapanikizana pa mabenchi. Raphinha atagoletsera Barcelona chachitatu pa mphindi ya 87, kukhala 3-2, anyamata ena anayamba kutuluka, mwini holo n'kumasonkhanitsa mabotolo. Kenako tinangoona difenda wa zaka 37 ali m'bokosi la Barcelona ngati sitiraika. Mnzake Dumfries anaponya mpira wapansi, Acerbi n'kumudutsa Araújo wa Barcelona kutsogolo, n'kuumenya ndi phazi lamanja, pomwe iye ndi wamanzere. Mpira unakalowa kumtunda kwa ukonde. Anavula jezi akuthamanga, ndipo bambo wina amene ndinakhala naye pafupi, wosapota Barcelona, anangogwira kumutu osayankhula kanthu. Amene anatuluka aja anabwerera akuthamanga atamva phokoso. Frattesi wa Inter anamaliza nkhani mu nthawi yoonjezera, 4-3, ndipo chigoli cha Acerbi chija chinali chake choyamba m'mipikisano ya matimu a ku Ulaya.