Pakhomo palibe sikelo, ndidziwa bwanji kuti thupi likutsika?

Imelo yanu, achemwali a ku Dwangwa, ndinaiwerenga usiku ndipo tulo sitinabwere msanga. Mwati kuchipatala anakuuzani kuti muchepetse thupi chifukwa cha BP, mwayamba kuyenda m'mawa, koma poti mulibe sikelo mukuona ngati mukungodzizunza. Njira imeneyi ndinaiponda ine, ndipo ndinatsala pang'ono kugwa ulesi.

Ine ndimagulitsa mpunga pa boma pano pa Nkhotakota. Ntchito yake ndi yokhala pansi tsiku lonse pambali pa matumba. M'mawa unali tiyi wa shuga masupuni atatu ndi mandasi awiri, masana kondowole ndi usipa wosambira m'mafuta, dzuwa likaswa mtengo chakumwa chozizira cha m'botolo. Nditabereka mwana wachitatu thupi silinabwerere m'chimake. Ndikayenda kuchoka kumsika kukafika kunyanja ndinkapuma wefuwefu ngati ndasenza thumba. Anesi atandiyeza anandiyang'ana nkunena kuti, "Mayi, BP yanuyi musaisewere nayo."

Pafupi ndi pokwerera basi pankakhala mnyamata wina ndi kasikelo kake, ukalipira pang'ono umakwera. Ndinasanduka kasitomala wake wa tsiku ndi tsiku. Lolemba kakuti 84, Lachitatu 85, Loweruka 83 ndi theka, Lolemba linalo 85 kachiwiri. Tsiku limene ndinaonanso 85 ndinali nditatha masabata atatu osalawa mandasi. Ndinafika kunyumba nkulira, kenako ndinadya nsima mitanda inayi chifukwa cha ukali.

Panalibe wondiuza kuti thupi la munthu limatha kukwera kapena kutsika ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri m'tsiku limodzi popanda mafuta kusintha. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye taganizirani madzi amene timamwa kuno kunyanja mu Okutobala. Mchere wa mu nsomba zouma umasungitsa madzi m'thupi. Ife amayi tikayandikira kumwezi timatupa. Kasikelo kajanso kankaikidwa pamchenga, lero apa, mawa apo.

Anandipulumutsa ndi a telala anga, bambo achikulire amene amalemba miyezo ya makasitomala m'kope. Ndinapita ndi chitenje kuti andisokere za ukwati wa mphwanga. Atandizunguliza tepi anatsegula kope, nayezanso kachiwiri, nkuti, "Mayi, m'chiunomu mwatsika ndi masentimita 6 kuyerekeza ndi diresi la pa Pasaka lija." Pamenepo sikelo inali itangotsika ndi makilogalamu awiri okha. Ndinakhala pabenchi lawo kwa kanthawi osayankhula.

Chichokereni tsiku limenelo ndimanena mosabisa kuti kwa munthu wa BP, tepi ya telala ndi yofunika kuposa sikelo. Sikelo imaphatikiza zonse, mafupa, minofu, madzi ndi nsima ya dzulo, nkukupatsani nambala imodzi. Koma mafuta oopsa kwambiri ndi a m'mimba, ounjikana mozungulira chiwindi ndi matumbo, amene amayendera limodzi ndi matenda a shuga, BP ndi mtima. Amenewo tepi imawapeza. Ndalama yogulira sikelo bola mugulire masamba ndi nyemba.

Chimene chimandiwawa kuposa sikelo ndi pakamwa pa anthu. Thupi litayamba kuoneka kuti latsika, amayi anzanga pamsika anayamba kunong'onezana, wina nkundikokera pambali: "Anzathu, mwaondatu, kodi muli bwino?" Apongozi anafunsa bambo a kunyumba ngati ndiwo zikusowa pakhomo. Sindiwada. Tonse tinaona zaka zimene Edzi inkatha anthu, ma ARV aulere asanayambe mu 2004, pamene kuonda kunali chizindikiro cha maliro. Mantha aja sanatichoke, nchifukwa chake mkazi wonenepa timati akusungidwa bwino. Koma ndaperekeza kumanda anthu onenepa bwino amene anagwa mwadzidzidzi ndi sitiroko, ndipo palibe anawafunsapo ngati ali bwino. Inu achemwali mudzamva mawu amenewa. Musadzabwerere ku mandasi pofuna kutseka anthu pakamwa.

Pokhapo ndichenjeze: kuonda kumene simunakufune ndi nkhani ina. Thupi likamatsika lokha, pamodzi ndi chifuwa cha masabata awiri, thukuta la usiku, ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi, thamangirani kuchipatala akakuyezeni TB, shuga ndi HIV.

Nanga muyeze bwanji?

Gulani tepi kwa ogulitsa ulusi ndi singano. Yezani m'mawa musanadye, mutapita kale kuchimbudzi, pakati pa nthiti yomalizira ndi fupa la m'chiuno, cha pamchombo. Tulutsani mpweya bwinobwino, osakoka mimba, tepi isalowe m'thupi. Kamodzi pa masabata awiri ndi kokwanira, ndipo lembani m'kope ndi deti lake. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiopsezo chimayamba kukwera mayi akapitirira masentimita 80, bambo 94, ndipo chimakula kwambiri kupitirira 88 ndi 102. Tepi ikasowa, dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, muchipinde pakati, muzungulize m'mimba. Nsonga zikakumana muli pabwino, zikapanda kukumana mpata wotsalawo ndi umene muziuyang'anira. Sungani siketi imodzi yothina ya zipi muziyesa mwezi ndi mwezi, osati chitenje poti chimavomera thupi lililonse. Onaninso ngati mtunda umene munkapuma kawiri tsopano mukuutha osaima. Makilogalamu akakuyezani pa tsiku la BP, alembe m'buku lanu lakuchipatala.

Changa chingwe chili pamsomali kuseri kwa chitseko. Nditayamba, pakati pa nsonga zake pankalowa chikhatho chonse ndi zala zina ziwiri, pano patsala zala zitatu. Mapiritsi a BP ndikumwabe monga anandiuzira, ndipo inunso musasiye anu chifukwa siketi yayamba kukwana. Mukadula chingwe chanu mundilembere kuti patsala zala zingati.